Kompyuta Imene Inakana Kulankhula

1. Katundu wochuluka pamsana wa nkhalamba

Naphuma silinali dzina lake lenileni. Analipeza ali wamng'ono chifukwa ankathamangira kusukulu atavala nsapato mophenula, ndipo mpaka atamaliza sekondale dzinalo linamukakamirabe ngati nkhupakupa. Mwiniwake sankadandaula. Ankati anthu odekha ndi amene basi imawasiya.

Loweruka limenelo anafika pashopu ya azakhali ake chitseko chisanatsegulidwe, atakumbatira kompyuta yakale ya m'manja. Shopuyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa telala, kodzaza mawaya, masikirini osweka ndi fungo la mtovu wosungunula. Azakhali ankakonza makompyuta mmenemo. Naphuma ankaphunzira ntchito kwa iwo pamodzi ndi msuweni wake, mwana wa azakhaliwo, mnyamata wamtali wokonda kuseka kuposa kusesa.

Nkhani inali ya achimwene ake a Naphuma. Iwo anasiya kuona ali kupulayimale, koma pakamwa panatsala pali bwinobwino, moti anthu ankawatcha aWailesi. Tsopano kampani ina inali itawaitana kuti Lolemba akayesedwe ntchito yoyankha mafoni a makasitomala. Anawauza kuti abwere ndi kompyuta yawoyawo yolankhula, yowawerengera zimene zili pasikirini, komanso yokiyidwa ndi mawu achinsinsi chifukwa muzikhala nkhani za anthu. Akapita chimanjamanja, malowo apatsidwa wina.

Kompyuta imene banja linali nayo inali yomwe anaikumbatirayo. Ukaiyatsa inkabuula, kutentha, kenako n'kuuma gwa.

Azakhali anaitsegula, kuisuzumira, n'kuibweza.

"Siyodwala iyi, yangolemedwa," anatero. "M'kati mwa kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo. Ndiye kapitawo wake. Imauza kiyibodi, sipika, batire ndi china chilichonse zochita. Kenelo imene ili umu anaipangira makompyuta a mitundu yonse, ndiye yasenza katundu amene nkhalamba iyi siimufuna. Umange ina yopepuka. Chida chosankhira ukuchidziwa. Chisankho chimene ukufuna chilowe m'kati mwenimweni uchipatse kanyenyezi. Chimene chingadikire, n'kubwera pambuyo kompyuta itayaka kale, uchipatse chilembo cha M. Chosafunika uchisiye chopanda kanthu."

"Zimenezo n'zophweka, azakhali."

"Zophweka n'zimene zimagwetsa anthu. Zisankhozo n'zapachibale, mwanawe. China chili ndi mayi ake, mayiwo ali ndi mayi awo. Usanachotse chilichonse, uyambe wawerenga kuti ndi chandani."

Naphuma anagwedeza mutu, koma zala zinali kale pakiyibodi. Azakhali anatenga chikwama cha zida n'kupita kukakonza makina kuofesi ina.

2. Chisankho chisowa

Mtsikanayo analowa m'zisankhozo ngati munthu wolambula thengo. Za masewera, kunja. Za makina akuluakulu a m'mafakitale, kunja. Za mawailesi, za makamera achilendo, za zipangizo zimene mayina ake sanawamvepo, zonse kunja. Ankangoti batani dii, batani dii, uku akuimba kanyimbo.

"Asuweni, mukutchetcha udzu kapena mukuzula ndi mbewu zomwe?" anafunsa msuweni wake, atakhala patebulo m'malo mokhala pampando.

"Iwe sesa. Ntchito za akuluakulu zisiye."

Dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza kutchetchako. Kunatsala kutsimikiza chinthu chimodzi, chimene chinali mutu wa nkhani yonse: chisankho cha kachipangizo kotulutsa mawu m'kompyutayo. Popanda chimenecho, pulogalamu yowerenga ikanangotsegula pakamwa popanda womva.

Anapita pamene chinali m'mawa. Panalibe.

Anakwera, anatsika, anatuluka m'chidacho n'kulowanso. Chisankhocho sichinali chozimitsa ayi. Chinali chitasoweratu, ngati sichinalembedwepo n'kale lonse. Naphuma anachita mantha. Kanyimbo kaja kanathera pomwepo.

"Chida ichi chawonongeka," anatero.

Msuweni anatsika patebulo n'kusuzumira. "Sichinawonongeke, chachibisa. Chikaona kuti wachotsa chinthu chimene chisankho china chimadalira, chimabisa chodaliracho. Mwapha mayi, asuweni, ndiye mwana wathawa."

"Mayi wake uti? Ndachotsa zinthu zosawerengeka."

"Ndiye musavutike n'kufufuza. Ine ndikudziwa kachidule."

3. Kachidule ka msuweni

Mnyamatayo anakoka kiyibodi n'kutsegula fayilo imene mumalembedwa malamulo a chidacho. Analoza mzere umodzi pansi pa dzina la kachipangizo ka mawu.

"Mwauona uwu? Ndi umene ukunena kuti chakuti chimadalira chakuti. Ingoufufutani. Kapena lembani lamulo lina lija lokoka, loti pulogalamu yowerenga ikalowa ikoke kachipangizoka mokakamiza. Chida sichidzafunsanso. Pofika masana aWailesi akhala akucheza ndi kompyuta yawo, inu mukundigulira zoziziritsa kukhosi."

Naphuma anauyang'ana mzerewo. Unali waufupi, ndipo batani lofufutira linali pafupi ndi chala chake. Kufufuza kukanatha tsiku lonse, ndipo kumanga kenelo pakompyuta ya m'shopumo kunkatenga nthawi yokwanira munthu kuchapa, kuyanika ndi kusita.

Pomwepo chitseko chinalira. Azakhali anali atabwerera kudzatenga kachingwe kamene anaiwala. Anaona nkhope ziwirizo, anaonanso fayilo ili pasikirini. Anaika chikwama pansi.

"Tamverani nonse awiri," anayamba. "Mzere umenewo sanaulembe munthu wofuna kukuvutitsani. Anaulemba munthu amene anagwapo kale m'dzenjemo, n'kuika chikwangwani kuti ena asagwemo. Inu mukufuna kuzula chikwangwani, mukuyesa kuti dzenje likwiririka. Chida chikabisa chisankho, chikukuuza zoona: pansi palibe pomangira. Ukachitseka pakamwa, zoonazo sizisintha, iwe wangosiya kuzimva.

"Nanga lamulo lokokalo. Lilipo, inde, ndipo lili ndi ntchito yake pa tinthu ting'onoting'ono tosadalira kanthu. Koma lamulo limenelo ndi lopanda makutu. Limakoka chimene walituma, osafunsa ngati chinthucho chili ndi zimene chimafuna. Zili ngati kukokera mlendo m'nyumba, n'kumusiyira panja ndodo imene amayendera. Ukachita mwayi, kenelo ikana kumangika pomwe pano, uchita manyazi pamaso pa msuweni wako basi. Ukachita tsoka imangika, iyaka bwinobwino, n'kudzafa tsiku lina mwini wake ali pakati pa ntchito. Iwe ukaona sikirini yauma, umaona. Achimwene ako adzaona chiyani? Adzangokhala chete, foni ikulira, osadziwa ngati yolakwa ndi makina kapena iwo.

"Sindikuletsa. Kompyuta ndi ya kwanu, achimwene ndi ako. Koma safunsa anadya phula. Chidacho chili ndi pofunsira. Chifunse kuti mwanayu mayi ake ndani, chikuuza."

Anatola kachingwe kawo ndi chikwama n'kutuluka.

Kenako msuweni anatsokomola. "Amayi amakonda kuopseza. Ine ndiyesa panga, inu yesani panu. Woluza asesa mwezi wonse."

Naphuma anatseka fayilo ya malamulo osakhudza chilembo n'chimodzi chomwe. "Konzekera tsache," anatero.

4. Kutsata mzera wa makolo

Anadina batani lofufuzira n'kulemba dzina la kachipangizo ka mawu. Chida chinayankha mosabisa. Chinaonetsa zinthu zimene kachipangizoko kamadalira, ndipo pafupi ndi chilichonse panalembedwa ngati n'choyatsa kapena chozimitsa. Zonse zinali bwino kupatula chimodzi: kanjira kena ka mawaya awiri ka m'kati mwa kompyuta.

Anakakumbukira. Anakachotsa m'mawa poganiza kuti n'ka zipangizo zoyezera kutentha m'mafakitale. Ulendo uno anatsegula malongosoledwe ake n'kuwerenga mpaka pansi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Kanjirako ndi kamene kenelo imadutsamo ikafuna kuuza kachipangizo ka mawu kuti kadzuke, kakweze kapena katsitse mawu.

Anapita kukakayatsa. Nakonso kanali katabisika.

"Ha, ndiye ali ndi agogo," anadandaula.

Kumbali inayo msuweni anali atayamba kale kumanga. Zilembo zinkathamanga pasikirini yake, iye atapinda miyendo, akuliza likhweru la dala. "Asuweni, mukufuna tsache lofewa kapena lolimba?"

Naphuma anafunsanso chida. Kanjira ka mawaya awiri kankadalira gawo limene limauza kenelo zipangizo zimene zili m'kompyuta ndiponso pamene zili. Nalonso anali atalichotsa, chifukwa dzina lake linali lalitali ndipo linamutopetsa. Analiwerenga, analiyatsa, ndipo mmene anabwerera anapeza kanjira kaja katatulukira. Anakapatsa chilembo cha M kuti kenelo ikhale yopepuka. Atabwereranso kumbuyo, chisankho cha mawu chinali pamalo pake, chili phee ngati sichinachokepo. Chinalola M, iye n'kuchipatsa.

Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Koma manyazi a m'mawa anali asanathe, choncho sanathamangire kumanga. Anabwerera pa zimene anatchetcha zija n'kuyamba kuwerenga chimodzichimodzi. Anapezamo cha batire ndi cha kakupizira koziziritsa makina, n'kuzibwezera mwakachetechete kuti msuweni asaone.

Likhweru lija linaduka mwadzidzidzi. Pasikirini ya msuweni zilembo zinali zitaima, ndipo m'munsi munali mizere yodandaula. Kachipangizo kamene anakakoka mokakamiza kankaitana kanjira ka mawaya awiri, koma kanjirako kunalibe. Kenelo yake inakana kumangika.

"Makina awa ndi akale," anatero mnyamatayo.

"Tsache lili kuseri kwa chitseko," anayankha Naphuma.

5. Khutu la aWailesi

Dzuwa litapendeka, kenelo ya Naphuma inamangika popanda dandaulo. Anaiika m'nkhalamba ija n'kuyatsa. Sinabuule. Inafunsa mawu achinsinsi, iye analemba, ndipo patangopita kanthawi sipika inatsegula pakamwa n'kuyamba kuwerenga zimene zinali pasikirini. Naphuma anavina pakati pa mawaya mpaka telala anagogoda khoma.

Achimwene ake anafika nthawi yomweyo. Anamveka asanaoneke, akukangana ndi wogulitsa zipatso pakhonde, ndodo yawo yoyera ikugunda masitepe.

"Achemwali, ndamva kuti mwandipezera mnzanga wolongolola. Ali kuti? Ndimuone ngati angandipose."

Naphuma anawakhazika pampando, kuzimitsa kompyuta n'kuwaikira manja pakiyibodi. AWailesi anapapasa batani loyatsira, kudina, n'kupendeketsa mutu kuti amvetsere. Anadikira. Anadikirabe.

"Yayaka?"

"Yayaka, achimwene. Ikufunsa mawu achinsinsi. Lembani."

"Ikufunsa ndani? Ine sinandifunse." Anaseka, koma kusekako kunali kopanda mchere. "Lolemba udzakhala pambali panga kuti uzindiuza kuti yafunsa? Nanga ndikalakwitsa chilembo ndidziwa bwanji? Ndidzangolemba mumdima, abwana akundiyang'ana."

Chimwemwe chonse chinamuthera Naphuma. Iye anayesa kompyutayo ndi maso, osati ndi makutu.

Azakhali anali atabwerako, ataima pakhomo. Anangofunsa kuti, "Zinthu za chilembo cha M zimasungidwa kuti?"

"Padisiki, mosungira zinthu za m'kompyuta," anayankha Naphuma.

"Nanga mawu achinsinsi amatsegula chiyani?"

"Disiki." Naphuma anagwira pakamwa. "Ndatsekera kiyi m'nyumba."

Anathamangira ku chida chija, kupita pa chisankho cha mawu n'kudina kuti M asanduke kanyenyezi. Chida chinakana. Chinkangolola M kapena kusiya popanda kanthu. Anadinanso, chinakananso.

"Apa pokha kokani, asuweni," anatero msuweni, tsache lili m'manja. "N'kachilembo kamodzi."

"Mwana sangalowe m'nyumba mayi ake akadali panjira," anayankha azakhali. "Chodalira sichiposa chimene chikudalira. Ukafuna mwana afike m'mawa, dzutsa mayi m'mawa. Chida chikukana chifukwa chikuona zimene iwe sunazione, ndipo chikakana kawiri usachiyese mdani. Anthu ambiri amatha kupirira ulendo woyamba. Amagwa ulendo wachiwiri, atatopa, akuyesa kuti adziwa kale zonse."

Naphuma anabwerera kwa mayi uja, kanjira ka mawaya awiri kamene iye mwini anakapatsa M, n'kukasinthira ku kanyenyezi. Kenako anapita pa chisankho cha mawu. Ulendo uno kanyenyezi kanalowa popanda makani. Anafufuzanso china chilichonse chimene mawu amafuna disiki isanatseguke, n'kuchiika kutsogolo.

Podikira kuti imangike, aWailesi anasimba nkhani ya kondakitala amene anawafunsa ngati ndodo yawo ilipira mpando, ndipo telala anabwera kudzamvera singano ili pakamwa. Naphuma yekha sanaseke. Maso ake anali pa zilembo zothamanga zija.

Itamangika, sanalole kuiyesa ndi maso. Anatembenuza sikirini kuti iyang'ane kukhoma, n'kuwapatsa achimwene ake. AWailesi anadina batani.

"Lembani mawu achinsinsi," inatero kompyuta, momveka bwino.

Zala zawo zinayenda. Analakwitsa dala, ndipo makinawo anawauza kuti ayesenso. Analemba molondola, ndipo mawu aja anayamba kuwawerengera zonse, mzere ndi mzere. Anaizimitsa okha, kuiyatsa okha, n'kubwereza mpaka anakhutira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, aWailesi anasowa chonena. Anapapasa mpweya mpaka anapeza mutu wa mchemwali wawo, n'kusiya dzanja lawo pomwepo.

"Zikomo, mwana wa amayi," anatero.

Naphuma analira, ndipo sanabise. Msuweni anasesa pamalo pamene anali atasesa kale.

6. Mlendo wa Lolemba

Lolemba masana, Naphuma sanagwire ntchito yooneka. Ankangotuluka pakhomo n'kubwerera, mpaka azakhali anamuuza kuti atha masitepe.

Mawu anamveka kuchokera kumsewu. AWailesi ankauza wogulitsa zipatso, telala ndi aliyense wodutsa kuti kuyambira mawa aziwapatsa moni wa ulemu, chifukwa tsopano ndi anthu apantchito. Makinawo sanatsokomole n'kamodzi komwe. Abwana anafunsa kumene anagula kompyuta yomvera chonchi, iwo n'kuyankha kuti zoterezi sagula, amachita kubadwa nazo m'nyumba imodzi.

Naphuma anawathamangira n'kuwakumbatira mpaka ndodo inagwa. Potola ndodoyo m'pamene anaona kuti achimwene ake sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wamsinkhu wake, atawagwira pachigongono. Nayenso anali ndi ndodo yoyera, ndipo m'khwapa anali atapanira kabokosi kakatali.

"Uyu tinali naye kusukulu," anatero aWailesi. "Wanzeru kuposa ine, ngakhale zimandiwawa kuvomera. Ndamuuza za iwe."

"Mwalandiridwa," anatero Naphuma. "Kompyuta yanu tiiphunzitsa kulankhula, musadandaule."

Mtsikanayo sanatembenuke. AWailesi anatenga dzanja lake n'kuyamba kulembamo ndi chala, ndipo apo m'pamene anamwetulira.

"Mawu sangamuthandize, achemwali. Samva."

Mlendoyo anapapasa tebulo n'kuikapo kabokosi kaja. Pamwamba pake panali mzere wa timabowo ting'onoting'ono, ndipo m'kabowo kalikonse munali kamsomali kosalala koyenera kutukuka kuti chala chiwerenge zimene kompyuta yalemba. Tonse tinali titagona. Chingwe chake chinali ndi mutu umene Naphuma anali asanauonepo.

Naphuma anayang'ana azakhali ake. Azakhali anakatembenuza kabokosiko uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Zaka zonsezi, aka ndi koyamba," anatero. "Pano ndilibe chokuuza, mwanawe."

Mtsikana uja anafufuza dzanja la Naphuma, analigwira, n'kuliika pa timisomali togona tija. Sanalisiye.